Akufuna kutilipirira mlandu kuti adzagawane nafe chipepeso: pepala lake lili ndi mphamvu?

FUNSO: Akonzi, ndimakhala ku Johannesburg. Mchimwene wanga anagundidwa ndi takisi ndipo mwendo wake sunabwerere mwakale. Ali m'chipatala kunabwera bambo wina amene anati azilipira madokotala, mayendedwe ndi zina zonse, ndipo alemba yekha mapepala opita ku Road Accident Fund, bungwe la boma lopereka chipepeso kwa ovulala pa ngozi za pamsewu. Ndalama zikadzatuluka akuti adzatenga 40 peresenti. Sanadzitche loya, anangoti amagwira ntchito ndi maloya. Pepala lake tili nalo koma sitinasaine. Kodi pangano lotere ndi lovomerezeka? (Mayi wa ku Johannesburg)

YANKHO: Mayi, musasaine, ndipo achimwene anuwo asamupatse bamboyo chiphaso chawo kapena makalata a kuchipatala.

Ku South Africa si mlandu kuti munthu wakunja aike ndalama zake pa nkhani ya mnzake ya kukhoti poyembekezera gawo la chipepeso. Mu 2004 khoti la Supreme Court of Appeal linagamula zimenezi pa mlandu wa PricewaterhouseCoopers ndi National Potato Co-operative. Linati pangano lotere pa lokha silitsutsana ndi ubwino wa anthu, chifukwa wosauka amene ali ndi dandaulo lenileni sangafike kukhoti popanda womugwira dzanja. Anthu ngati bambo ameneyu amakonda kutchula mfundo imeneyi.

Koma nkhani za Road Accident Fund zili ndi lamulo lakelake la 1996, ndipo gawo 19 la lamuloli ndi lowopsa kwa inu. Limati dandaulo liperekedwe ndi wovulalayo mwiniwake kapena loya womuimira. Limanenanso kuti ngati wovulala wapangana ndi munthu wina amene si loya wake kuti adzamupatsa gawo la chipepeso, bungweli silikakamizidwa kulipira. Ndiye kuti pepala limene lili m'chikwama mwanulo likhoza kupha dandaulo lonse. Bamboyo ataya ndalama zochepa za mayendedwe, achimwene anu ataya zonse.

Chachiwiri ndi mapepala amene akuti alemba yekhawo. Gawo 33 la Legal Practice Act ya 2014 limaletsa munthu amene si loya wolembetsedwa kulemba zikalata zokagwira ntchito kukhoti kapena kuimira munthu pamilandu poyembekezera malipiro, komanso kudzionetsa ngati loya. Mawu akuti "ndimagwira ntchito ndi maloya" ndi amene madobadoba ambiri amabisalamo. Kuipa kwake sikuthera pa kuphwanya lamulo. Loya akakuberani kapena akanyalanyaza ntchito, mumakadandaula ku Legal Practice Council, bungwe loyang'anira maloya, ndipo pali thumba la Fidelity Fund lobwezera anthu amene ndalama zawo zabedwa mu akaunti ya loya. Dobadoba akasowa ndi fayilo yanu, mulibe koti mukagogode. Nthawinso siikudikirani: dandaulo la ngozi liyenera kuperekedwa pasanathe zaka 3 ngati galimoto kapena dalaivala wake akudziwika, ndi zaka 2 zokha ngati anagunda n'kuthawa. Madandaulo ambiri amafa chonchi, munthu akuganiza kuti "nkhani ikuyenda" pamene palibe chimene chaperekedwa.

Ngati vuto ndi ndalama, loya weniweni angatenge mlanduwu pa pangano loti alipidwa mukapambana. Contingency Fees Act ya 1997 inaika malire: malipiro ake asapitirire kuwirikiza kawiri malipiro ake a masiku onse, komanso asapitirire 25 peresenti ya chipepeso. Pa ziwirizi amatenga chochepacho. Tiyerekeze kuti chipepeso ndi R400,000 ndipo ntchito ya loyayo ikanakhala ya R30,000. Sangatenge zoposa R60,000, ngakhale kuti 25 peresenti ndi R100,000. Bambo wanuyo akufuna R160,000. Panganolo liyenera kulembedwa ndi kusainidwa, mulandire kope lanu, ndipo muli ndi masiku 14 oti mukhoza kulikana polemba kalata. Musanakhale pansi mu ofesi ya loya aliyense, funsani ku Legal Practice Council ngati dzina lake lili m'kaundula.

FUNSO: Kuno ku Britain ndimamva za makampani amene ntchito yawo ndi kulipirira anthu milandu ikuluikulu. Kodi ndi katapila wina, kapena ndi zololedwa? (Bambo wa ku Leeds)

YANKHO: Ndi zololedwa, Bambo, koma zafika pamenepa patapita zaka mazana. Malamulo akale a ku England ankaona ngati mlandu kuthandizira nkhani ya kukhoti imene sikukukhudza, makamaka pofuna kugawana phindu. Chimene ankaopa n'chakuti anthu olemera azigula milandu pozunza adani awo, kunyengerera mboni ndi kukokomeza chipepeso. Criminal Law Act ya 1967 inachotsa chilango, koma inasiya mfundo yoti khoti likhoza kukana pangano lotere ngati likuwononga chilungamo. Mpaka lero oweruza amayang'ana zinthu ziwiri: gawo limene kampaniyo ikutenga, ndi amene wagwira chiwongolero cha mlandu. Kampani ikamasankha yokha mboni, ikamalamula loya zonena, kapena ikamakakamiza wodandaula kuvomera ndalama zimene sakuzifuna, yasiya kukhala wopereka ndalama, yayamba kuyendetsa mlandu, ndipo pamenepo pangano likhoza kugwa.

Mlandu wa Post Office ukuonetsa mbali zonse ziwiri. Anthu 555 oyendetsa nthambi za positi, motsogozedwa ndi Alan Bates, ankanenezedwa kuti asowetsa ndalama pamene cholakwika chinali mu pulogalamu ya kompyuta yotchedwa Horizon. Paokha sakanatha kulimbana ndi bungwe lalikulu chotero. Kampani ya Therium inalipira mlanduwo, ndipo mu 2019 Post Office inavomera kupereka pafupifupi mapaundi 58 miliyoni. Mwa ndalama zimenezi, pafupifupi 46 miliyoni zinapita kwa maloya ndi kampaniyo, eni mlandu n'kutsala ndi pafupifupi 12 miliyoni kuti agawane anthu 555. Popanda ndalama za kampaniyo choonadi chikanakwiriridwa, komabe n'zowawa kuti anthu amene anataya nyumba ndi mbiri yawo anatsala ndi gawo laling'ono chotero.

Mu July 2023 khoti la Supreme Court linagwedeza bizinesi yonseyi pa mlandu wa PACCAR, wokhudza makampani opanga malole amene ankapangana mitengo. Linagamula kuti pangano limene kampani imatenga peresenti ya chipepeso liyenera kutsatira malamulo apadera a 2013 okhudza malipiro otengedwa pa chipepeso, apo ayi lilibe mphamvu. Mapangano ambiri sanatsatire malamulowo, choncho makampani anathamangira kuwalembanso kuti phindu lawo liziwerengedwa powirikiza ndalama zimene aika, mwachitsanzo katatu, m'malo mwa peresenti.

Mukapatsidwa pangano lotere, fufuzani amene adzalipire ndalama za mbali inayo mukagonja, chifukwa ku England wogonja ndiye amalipira. Onaninso ngati kampaniyo ingathe kukusiyani pakati pa mlandu, ndiponso amene amayamba kutapa ndalama zikabwera. Likawerengedwe ndi loya amene sanabweretsedwe ndi kampaniyo.

FUNSO: Nanga kwathu kuno? (Wowerenga wa ku Zomba)

YANKHO: Malawi anatengera malamulo a ku England monga analili pa 11 August 1902, ndipo kusintha kwa mu 1967 kunachitika dziko litalandira kale ufulu, choncho musaganize kuti zololedwa ku London zaloledwa pano. Ku Zambia nkhaniyi inaonekera poyera mu 2019 pa mlandu wa kampani ya migodi ya Vedanta. Anthu 1,826 a m'midzi ya kufupi ndi Chingola ankadandaula kuti mgodi wa Nchanga waipitsa madzi awo. Khoti la Supreme Court ku London linalola kuti mlanduwo umvedwe ku England, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti ku Zambia pangano loti loya alipidwe akapambana n'losaloledwa, pamene anthuwo analibe ndalama zolipirira maloya.

Zoimira anthu pamilandu kuno ku Malawi zimayendetsedwa ndi Legal Education and Legal Practitioners Act ya 2018, ndipo loya ayenera kukhala ndi chiphaso cha chaka chimenecho. Wina akakupezani kuchipatala kapena pakhomo la khoti n'kunena kuti akuyendetserani za inshuwalansi, mufunseni dzina la loya amene asaine mapepalawo, mukatsimikize ku bungwe la maloya la Malawi Law Society, kenako mukaonane ndi loyayo maso ndi maso mu ofesi yake. Amene alibe ndalama za loya apite ku Legal Aid Bureau atatenga lipoti la apolisi, makalata a kuchipatala ndi malisiti onse.