Musakathere masiku onse mu hotelo ya ku Cancún

Achemwali, mwati mukunyamuka ku London mu Ogasiti ana akatsekera sukulu, muli ndi masiku 10, ndipo mukufuna kudziwa ngati n'kwanzeru kulipira ulendo wa tsiku limodzi wa ku Chichén Itzá, kumabwinja a mzinda wakale wa anthu a mtundu wa Amaya, ulendo womwe hotelo yanu ya ku Cancún, ku Mexico, ikutsatsa. Mwafunsanso ngati ana angasambire m'maiwe aja amati cenote, komanso ngati gombe la Tulum ndi lokongoladi monga limaonekera pa Instagram. Ndiyankhe monga ndinaonera ine kumeneko, ena awonjezere.

Ulendo wa hotelowo ine sindingaulipire. Kuchoka ku Cancún kukafika ku Chichén Itzá ndi makilomita pafupifupi 200. Basi imayamba yazungulira mahotelo kutola anthu, panjira n'kukuimitsani pa shopu ya ziboliboli, ndiye mumakafika dzuwa lili paliwombo, mabasi anzanu atadzaza kale pabwalo. Pamalopo mthunzi ndi wochepa, ana amayamba kulira musanaone chilichonse. Ngati simunalipire kale hotelo ya masiku onse, chotsanipo atatu kapena anayi mukagone ku Valladolid, tauni yakale yomwe Asipanya anaikhazikitsa mu 1543. Basi za ADO zochokera ku Cancún zimatenga maola awiri ndi kanthu, n'zabwino ndipo mkati mumazizira kwambiri moti juzi ya mwana isakhale mu sutikesi. Kuchoka ku Valladolid, timinibasi totchedwa colectivo timakufikitsani ku mabwinjawo m'mphindi ngati 45. Geti amatsegula 8 koloko m'mawa, inu mukhale mulipo kale. Wotchi isakupusitseni: chigawo cha Quintana Roo, komwe kuli Cancún ndi Tulum, chili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi chigawo cha Yucatán, komwe kuli Valladolid ndi Chichén Itzá. Lamlungu lipeweni, chifukwa ndi tsiku lomwe eni dziko amachotseredwa malipiro olowera ndipo amabwera ndi mabanja onse. Pageti mumalipira kawiri, gawo la boma lalikulu ndi gawo la boma la chigawo, choncho nyamulani mapeso m'thumba, musadalire khadi yokha.

Mukalowa m'mamawa choncho, mudzaona chifukwa chake UNESCO inaika malowa pa mndandanda wake wa malo ofunika padziko lonse mu 1988. Piramidi yaikulu, El Castillo, ndi yotalika mamita ngati 30 kuphatikiza kachisi wapamwamba. Mbali zake zinayi zinali ndi makwerero 91 iliyonse, ndipo mukaonjezerapo nsanja yapamwamba zimakwana 365, masiku a chaka. Kukwera analetsa kalekale, musawalonjeze ana. Koma aimikeni kutsogolo kwa makwerero, awombe m'manja kamodzi mwamphamvu. Phokosolo limabwerera litasintha, likulira ngati mbalame, ndipo otsogolera alendo amati ndi kulira kwa mbalame ya kumeneko yotchedwa quetzal. Ana amabwereza mpaka manja kufiira. Chithunzithunzi cha njoka yotsika makwerero chomwe mwina munachiona pa YouTube chimachitika cha m'ma 20 Malichi ndi cha m'ma 22 Seputembala, ndiye inu mu Ogasiti chikupitani.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi bwalo la mpira, lotalika mamita ngati 168, lokhala ndi mphete zamwala m'mwamba mwa makoma onse awiri. Yang'anitsitsani zosema za m'munsi mwa khomalo. Pali wosewera wogwada, mutu atamudula, ndipo m'khosi mwake mukutuluka njoka m'malo mwa magazi. Ambiri amangodutsapo akuthamangira zithunzi. Kuchokera pamenepo kanjira kamakufikitsani ku dziwe lopatulika komwe ankaponyamo nsembe zopempha mvula kwa Chaac, mulungu wa mvula wa Amaya. Edward Thompson wa ku America atayamba kuvuula matope a pansi pake mu 1904, munatuluka golide, miyala ya jade ndi mafupa a anthu. Mmenemo sasambiramo. M'mbali mwa njira monse muli ogulitsa malonda, ena akuliza timaluzu tolira ngati nyalugwe wa kumeneko, jaguar. Kunenerera mtengo n'kololedwa, koma osafinya munthu mpaka kumuliza, ambiri ndi a m'midzi yoyandikana nayo.

Muli ku Valladolid komweko, mabwinja a Ek Balam ali pafupi, theka la ola kumpoto. Ndi malo aang'ono, anthu ndi ochepa, ndipo pamwamba pa nyumba yaikulu pali khomo losemedwa ngati kamwa la chilombo, mano ali poyera, lolowera kumanda a mfumu Ukit Kan Lek Tok'. Ana okonda njinga angasangalale ku Cobá, komwe mumabwereka njinga n'kumapalasa m'nkhalango kuchoka pa bwinja lina kupita pa lina. Kumeneko n'komwe kumayambira msewu wakale wa miyala yoyera wotalika makilomita ngati 100, wokafika ku Yaxuná. Kunena zoona ine Uxmal ndiye ndimamukonda kuposa onsewa, chifukwa cha piramidi yake ya ngodya zobulungira ndi nkhope za Chaac zodzaza makoma, koma ali kutali, kum'mwera kwa mzinda wa Mérida, ndipo ndi ana pa masiku 10 mungatope nawo ulendowo.

Tsono za cenote. Dera lonselo ndi mwala wa laimu wobookabooka, moti kumpoto kwa Yucatán simudzaona mtsinje woyenda pamtunda. Mvula ikagwa imalowa pansi n'kumayenda m'mapanga, ndipo pomwe denga la phanga linagwa m'pamene pali cenote. Alipo masauzande. Mizinda ya Amaya inkamangidwa pafupi nawo chifukwa ndiko kunali madzi akumwa. Cha ku Mérida maiwewa anandandalika mozungulira m'mphepete mwa chidzenje cha Chicxulub, pomwe panagwa chimwala chochokera kumwamba zaka 66 miliyoni zapitazo, chija amati chinathetsa ma dinosaur. Auzeni anawo zimenezi ali m'madzi, muone maso.

Ana angasambire, inde, koma mvetsani ichi. Maiwe ambiri alibe podera poti mwana n'kuima. Ukangotsika makwerero omaliza, pansi palibe. Ku Ik Kil, pafupi ndi Chichén Itzá, madzi ali mamita oposa 20 pansi pa nthaka ndipo kuya kwake kumaposa mamita 40. Choncho jekete loyandamitsa avale aliyense, ngakhale bambo a kunyumba atanena kuti anakulira kunyanja. M'malo ambiri ndi lamulo ndithu. Amakuuzaninso kuti muyambe mwasamba pa shawa, ndipo mafuta oteteza khungu ku dzuwa kapena othamangitsa udzudzu salola, chifukwa madziwo ndi omwewo akuyenda pansi kupita kuzitsime za anthu. Makwerero amakhala onyowa ndi oterera, gulani tinsapato ta m'madzi, mapatapata amavuka.

Ik Kil ndi wokongola, mizu ya mitengo ikulendewera kuchokera kumwamba mpaka kukhudza madzi, koma mabasi onse aja amathera pamenepo masana. Suytun ndi uja wa pa zithunzi, wa kanjira kamwala kolowa pakati pa madzi. Anthu amaima pamzere kudikira kujambulitsa, kusambira kwenikweni kulibe, ine sindingatayeko nthawi. Pitani ku Oxmán, komwe kuli chingwe chodziponyera m'madzi, kapena ku Dzitnup, komwe kuli X'kekén ndi Samulá moyandikana. Ku X'kekén umatsika mowerama pa kakhomo kopapatiza, mpweya uli wofunda ndi wachinyezi, kenaka phanga limatseguka. Kuwala kumalowera pa kabowo kamodzi padenga n'kugwera pamadzi, mileme ikuuluka m'mwamba, timilamba takuda tikuzungulira miyendo yako. Madziwo ndi ozizirira bwino, madigiri ngati 24 kapena 25 chaka chonse. Ndiye dongosolo labwino n'lakuti mabwinja m'mawa, cenote dzuwa likakwiya, madzulo kukakhala pabwalo la pakati pa tauni ana akudya marquesita, kachikondamoyo kopyapyala kokhukhuta kokulungiramo tchizi. Mu tauni mwenimwenimo mulinso cenote ina, Zací, yongoyendera pansi.

Za Tulum ndisakunamizeni. Mabwinja ake ndi aang'ono, koma anakhala pabwino zedi, pamwamba pa thanthwe loyang'ana nyanja ya Caribbean, atazunguliridwa ndi mpanda wamwala, abuluzi akuluakulu aja a iguana akuwothera dzuwa paliponse. Linali doko la malonda lomwe linatukuka cha m'ma 1200 mpaka 1400. Maola awiri m'mawa akukwanirani. Vuto ndi gombe. Kuyambira cha m'ma 2015 magombe oyang'ana kum'mawa, a Tulum, Playa del Carmen ndi mbali ina ya Cancún, amakutidwa ndi ndere za m'nyanja zotchedwa sargassum, makamaka kuyambira Epulo mpaka cha mu Okutobala. Ogasiti ali pakati penipeni. Zikachuluka madzi amasanduka a bulauni, ndipo zikamaola pamchenga fungo lake ndi la mazira ovunda. Mahotelo amalemba anthu ozikokola m'mawa uliwonse, koma tsiku loipa sazikwanitsa. Onjezanipo mitengo ya matakisi ndi ya chakudya cha m'mbali mwa gombelo, yomwe ndi yoboola m'thumba.

Masiku a kugombe muwasungire kumapeto, ndipo musankhe malo obisika ku nderezo. Isla Mujeres ndi kachilumba ka mphindi ngati 20 pa boti kuchokera ku Puerto Juárez ku Cancún. Gombe lake la Playa Norte nthawi zambiri limakhala loyera, madzi ndi odekha, mwana amayenda kutali akadali m'chiuno. Mbali ya kumadzulo kwa chilumba cha Cozumel nayonso imapulumuka. Pa Facebook pali magulu omwe anthu amaikamo zithunzi za magombe tsiku lililonse, muzisuzumiramo usiku musanaganize za mawa. Mbendera yofiira ikakhala pagombe, osalowa m'madzi. Kumbukiraninso kuti kuyambira Juni mpaka Novembala ndi nyengo ya anamondwe kumeneko. Masiku ambiri imangokhala mvula ya mabingu ya madzulo yosachedwa kukata, komabe inshulansi ya ulendo musaisiye.

Kanthu kena komwe simunafunse. Otsogolera alendo ena amalankhula ngati Amaya anatha kalekale. Alipo, ndipo olankhula chiyankhulo chawo m'zigawo za Yucatán, Quintana Roo ndi Campeche amaposa 700,000. Mayi amene adzakugulitseni chakudya pamsika wa Valladolid atavala diresi loyera lopetedwa maluwa, woyendetsa colectivo, mnyamata wopereka majekete ku cenote, ambiri mwa iwo ndi Amaya. Maiwe ena amayendetsedwa ndi midzi yeniyeniyo, ndipo ndalama yanu ikalowa kumeneko imafika pakhomo pa munthu. Panjira mudzaona minda ya chimanga chosakaniza ndi nyemba ndi maungu. Paja chimanga chomwe timadalirachi kwawo ndi ku Mexico. Iwo amachiphika ndi laimu, n'kuchipera, n'kupanga tizikondamoyo topyapyala totchedwa tortilla. Mulaweko cochinita pibil, nyama ya nkhumba yokulungidwa m'masamba a nthochi n'kuphikidwa pang'onopang'ono, imagulitsidwa m'mawa ndipo ikamafika masana imakhala itatha. Ngati kwanu simudya nkhumba, itanitsani sopa de lima, supu ya nkhuku ya mandimu, kapena salbutes za nkhuku, ma tortilla okazinga oikapo ndiwo pamwamba, ndipo funsani za nyemba, chifukwa ena amaziphikira mafuta a nkhumba. Tsabola wawo wa habanero ndi m'bale wake wa kambuzi, ndiye mukudziwa kale poyambira. Madzi a pampopi osamwa.

Pomaliza, mapepala. Ngati mukuyendera pasipoti ya Malawi, Mexico imafuna viza, koma imachotsera lamuloli anthu omwe ali ndi viza yosatha ntchito ya UK, America, Canada, Japan kapena Schengen, ngakhalenso omwe ali ndi chilolezo chokhazikika m'mayikowa. Poti zilolezo za ku UK masiku ano zili pa intaneti, lemberani ofesi ya kazembe wa Mexico ku London musanagule matikiti, aliyense m'banjamo atsimikizidwe payekha kuphatikizapo ana, ndipo yankho lawo mulisindikize papepala munyamule. Tengani ndege yochoka ku London molunjika ku Cancún, ya maola 10 kapena 11. Ija yotchipa yodzera ku Miami kapena Dallas imafuna viza ya America ngakhale mukungosintha ndege.