Nyali yofiira ya NES ikamaphethira

Achimwene, mukudandaula kuti NES yanu, makina akale a magemu a kampani ya Nintendo, yafa poti nyali yake ikungophethira. Sinafe ayi. Nyali yofiira ikamangophethira, TV osaonetsa gemu, kawirikawiri vuto limakhala pa mapini 72 omwe amagwira katiriji, kabokosi kokhala ndi gemu kaja.

Nintendo potulutsa makinawa ku America mu 1985 inakonza zoti katiriji azilowa chogona ngati tepi ya vidiyo, kenako n'kumukanikizira pansi. Kukanikizako kumapinda mapini pang'onopang'ono mpaka amasiya kugwira bwino. Ndiye mkatimo muli kachipu kotchedwa 10NES komwe kamaona ngati katiriji ndi wovomerezeka. Kakalephera kumvana naye, kamayambitsanso makina mobwerezabwereza. Famicom, mtundu wa makinawa womwe unatuluka ku Japan mu 1983, inalibe kachipuka, ndipo katiriji wake wa mapini 60 ankangolowera pamwamba. Kapangidwe kameneko kanali kanzeru kuposa ka ku America.

Zouzira mpweya mu katiriji zija zisiyeni, chinyezi cha m'kamwa chimangowononga mapini. Nyowetsani kathonje kotokosera m'makutu ndi isopropyl ya 90% (mtundu wa spiriti yotsukira), pukutani mapini a katiriji mbali zonse ziwiri mpaka kathonje kasiye kuda, mudikire mphindi 5 ziume. Zikakanika, gulani cholumikizira chatsopano cha mapini 72. Chakalecho chimangosololedwa pa bolodi, sipafunika kuwotcherera.

Samalaninso magetsi. Adaputala ya ku America ndi ya 120V pomwe kuno ndi 230V, ndiye pafunika step-down, chipangizo chotsitsa mphamvu ya magetsi. Adaputalayi imatulutsanso magetsi a AC, choncho musaiyike pa Famicom, imeneyo imafuna DC, ingapse. Mukamva fungo lakupsa kapena nyali osayaka n'komwe, zimitsani mupite nayo kwa wokonza ma TV akayeze 7805, kachipangizo kowongolera mphamvu ya magetsi, ndi ma capacitor.