Yankho kwa amalume pa za maikulosikopu yoonera makobidi akale

Malume, ndamva uthenga wanu umene mwafunsa ngati ndi bwino kugula maikulosikopu yotchipa yolumikiza pakompyuta, imene wogulitsa walemba kuti imakulitsa chinthu ka 1000, kuti muziunikira ndi kujambula makobidi a m'chitini cha malemu agogo. Ndikukupemphani kuti muyambe mwadikira, chifukwa nambala imeneyo ndi nyambo chabe, ndipo pa ntchito ya makobidi ilibe phindu.

Maikulosikopu ya kuchipatala, yoyezera magazi, imawalitsa kuchokera pansi kuti kuwala kudutse m'chinthu chopyapyala, pamene m'chitsulo kuwala sikudutsa. Yoyenera makobidi ndi ya maso awiri imene amaitcha stereo, yowalitsa kuchokera pamwamba, ndipo kukulitsa ka 10 mpaka ka 40 n'kokwanira. Mukapyola pamenepo mudzangoona kadontho ka chitsulo osadziwanso kuti muli mbali iti ya khobidi. Taganizirani ndalama yachitsulo yotchedwa half crown ya 1964 ija ya mutu wa Kamuzu: m'mimba mwake ndi mamilimita pafupifupi 32, motero pa makina ambiri siikwana yonse ngakhale mutakulitsa ka 10 kokha. Pofunsa mtengo, funsaninso kutalika kwa mpata wa pakati pa galasi ndi tebulo, chifukwa pamafunika masentimita ngati 10 kuti dzanja lilowe, mutembenuze khobidi popanda kuligunditsa. Mukakonda yolumikiza pakompyuta, si tchimo, koma sankhani ya mwendo wachitsulo wolemera, wotha kukwera ndi kutsika, chifukwa kamwendo kapulasitiki kamagwedera ndipo chithunzi chimatuluka chachimbuuzi.

Chimene ine ndachiona kuti chimavuta koposa ndi kuwala. Timagetsi tozungulira galasi timaomba khobidi chamaso, chitsulo n'kunyezimira mpaka zilembo kuzimirira. Tizimitseni, mutenge nyale yapatebulo, muiike chapambali ndi chapansi, kuti kuwala kubwere mopendekeka ngati dzuwa la m'mawa limene limaonetsa mizere ya m'munda bwino lomwe. Pamenepo nthenga za tambala wa pa sikisipensi ndi njere za chimanga cha pa sheleni zidzaonekera, ndipo mudzadziwa kuti khobidi linatha bwanji poyenda m'manja mwa anthu. Kuwala kukakula, tchingani nyaleyo ndi pepala loyera lopyapyala, koma lisakhudze babu. Pansi yalani kansalu kakuda kofewa, ndipo pojambula musagwire makina. Gwiritsani ntchito kompyuta kapena kanthawi kodikira kamene kamera imawerenga isanajambule yokha, kuti chithunzi chijambulike dzanja litachoka. Chithunzi cha khobidi lonse chimatuluka bwino ndi foni yanu yomweyo mutaikhazika pa mulu wa mabuku. Maikulosikopu ntchito yake ndi kuona chaka, zilembo zing'onozing'ono, ndi m'mphepete, kumene khobidi lachinyengo lopangidwa mothira m'chikombole limaonetsa msoko ndi timaenje.

Palinso chimene ndikuchondererani ndi mtima wonse: musatsuke khobidi ngakhale limodzi. Mukadzangoliika pansi pa galasi, litsiro lidzaoneka lalikulu ndipo mtima udzafuna phulusa, mandimu kapena sopo. Ndinaonapo peni ya Rhodesia ndi Nyasaland, yoboola pakati ija ya njovu, itakwechedwa ndi mchenga. Kunja inkawala, koma pansi pa galasi inali mikwingwirima yokhayokha, ndipo osonkhanitsa makobidi zotere amazitsitsa mtengo kwambiri. Kuda kumene kumabwera ndi zaka iwo amakulemekeza. Gwirani khobidi m'mphepete mokha ndi manja otsuka ndi ouma, ndipo musalisunge m'timatumba tapulasitiki yofewa ya PVC, chifukwa pakapita nthawi imasiya utoto wobiriwira umene umadya chitsulo.

Musanatulutse ndalama zambiri, gulani kagalasi kam'manja kokulitsa ka 10, kamene amagwiritsa ntchito okonza mawotchi, ndipo musiyanitse makobidi a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, a Malawi a 1964, ndi matambala amene anayamba ndi kwacha mu 1971. Mukatero munditumizire zithunzi za mbali zonse ziwiri za amene akuoneka osatha kwambiri, kuti tione pamodzi ngati alipo ofunikadi maikulosikopu. Mupereke moni kwa azakhali.