Musathirenso gasi kaye, mayi

Mayi, ndawerenga funso lanu pamodzi ndi mayankho amene anzathu aika kale. Mwati eyakoni ya m'chipinda chimodzi cha alendo pamalo anu ku Senga Bay yasiya kuziziritsa, ikudonthetsa madzi pakhoma, ndipo mmisiri wabwera kawiri chaka chino kudzathira gasi, koma ikangogwira milungu ingapo vuto limayambiranso. Ndiye mukufunsa ngati kuli bwino kungoichotsa n'kugula ina. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, yokonza mafiriji ndi maeyakoni kuno ku Salima. Musagule kaye ina, ndipo musatulutsenso ndalama ya gasi mpaka munthu atakulozerani ndi chala pamene gasiyo akuthawira.

Gasi wa mu eyakoni sapsa n'kutha ngati gasi wophikira. Amangozungulira m'mapaipi awiri akopa aja, kuchoka m'bokosi la panja kulowa m'bokosi la m'nyumba n'kubwereranso, chaka ndi chaka. Makina oikidwa bwino amatha zaka zambiri osathiridwa ngakhale kamodzi. Gasi akachepa ndiye kuti penapake pabooka, ndipo kuthira wina osatseka pamenepo n'chimodzimodzi wakabaza amene akungopopa tayala loponcha pamtunda uliwonse m'malo momata chubu. Zimandipweteka mtima kwambiri, chifukwa anthu ambiri kuno ataya ndalama zochuluka mwanjira imeneyi, mpaka ena anafika pokhulupirira kuti eyakoni imafuna gasi chilimwe chilichonse.

Koma tisanafike pa gasiyo, pali zoti muchite nokha lero popanda kulipira munthu. Makina ambiri amene ndimaitanidwira kuti "gasi watha" ndimakapeza ndi litsiro chabe.

Zimitsani magetsi ake pa breaker, osati pa rimoti pokha. Kwezani chivundikiro cha kutsogolo kwa bokosi la m'nyumba, chimatseguka ndi manja. Muona timasefa tiwiri tapulasitiki. Tisololeni, mukatiunike padzuwa. Ngati kuwala sikukudutsa, ndiye kuti mphepo nayonso sidutsa. Titsukeni ndi madzi ozizira ndi sopo pang'ono, tiume pamthunzi, mubwezeretse. Kuno kwathu, ndi fumbi la mwera komanso mchenga umene alendo amalowa nawo kuchokera kunyanja, masefa amafunika kutsukidwa milungu iwiri iliyonse. Muuzeni amene amakonza zipinda kuti imeneyi ndi ntchito yakenso, pamodzi ndi kusintha zofunda. Masefa ali pansi choncho, unikani ndi tochi ya foni m'kamwa motulukira mphepo. Muli fani yaitali yooneka ngati mpukutu. Mukaona timapiko take tadzaza zinyalala zakuda zomata, pamenepo m'pamene pamachokera fungo lachinyontho limene alendo amadandaula, ndipo pakufunika mmisiri adzatsuke ndi mankhwala ake. Musalowetsemo waya kapena kamtengo.

Tsopano za madzi odontha pakhoma. Eyakoni ikamaziziritsa imakamanso chinyontho cha mumpweya, ndipo kunyanja kuno chinyontho n'chambiri, makamaka mvula ikayamba. Madziwo amagwera m'kathireyi kamene kali m'kati mwa bokosi la m'nyumba, n'kutuluka kudzera m'paipi yapulasitiki yopita panja. Pitani kuseri kwa nyumba makina akulira, mukaone ngati paipi imeneyo ikudontha. Ikakhala youma pamene m'nyumba mukudontha, yatsekeka. Nthawi zambiri imatsekeka ndi utelele umene umamera m'katimo, kapena mavu aja omanga ndi dothi amakhala amata pakamwa pake. Tokosani pakamwapo, muuziremo kapena mupope pang'ono ndi pampu ya njinga, muona zinyalala zikutuluka. Onetsetsaninso kuti paipiyo ikutsetsereka njira yonse, sinapindike kapena kukwera m'mwamba penapake, komanso kuti mapeto ake sanamire m'ndowa. Ndaonapo anthu akuika ndowa kuti atunge madziwo azithirira maluwa, zimene zilibe vuto, koma ndowa ikadzaza n'kumiza paipi, madzi amabwerera m'chipinda. Bokosi la m'nyumba likapendekekera mbali yosakhala ya paipi, nalonso limadontha.

Pali kudontha kwina kumene ndikukuganizira kwambiri pa nkhani yanuyi. Makina akachepa gasi, kapena mphepo ikamalephera kudutsa, timazenga tasiliva ta kuseri kwa masefa timagwira ayisi. Ayisiyo amatsekeratu mphepo, chipinda osazizira, kenako akayamba kusungunuka madzi amasefukira m'kathireyi n'kuyenderera pakhoma. Mavuto anu awiri aja akhoza kukhala limodzi lomweli. Mukapeza ayisi musamupale ndi mpeni, mudzaboola paipi. Ikani makina pa fani yokha mpaka asungunuke yense.

Mukatsuka masefa, pitani ku bokosi la panja. Ili ndi limene anthu amaliiwala chifukwa limakhala kuseri, koma ndi limene limataya kutentha konse kochokera m'chipinda. Yang'anani kumbuyo ndi m'mbali mwake, kumene kuli timazenga topyapyala. Masamba, ulusi wa akangaude, nthenga za nkhuku, fumbi, zonse zimathera m'menemo. Anzathu a ku Nkhotakota amadziwanso za nkhungu. Zikatuluka m'nyanja n'kutsata magetsi a pakhonde, fani imazikokera m'timazengamo n'kumatirira ngati phala, ndipo usiku umodzi wokha ndi wokwanira kutseka bokosi lonse. Choncho ngati pafupi ndi bokosi lanu pali babu loyaka usiku wonse, lisuntheni. Potsuka, magetsi akhale ozimitsa pa breaker, thirani madzi mwapang'onopang'ono ndi paipi ya m'dimba kapena keni, osati makina a mphamvu otsukira galimoto, chifukwa timazengato timapindika msanga. Madzi asafike mbali imene kuli chivundikiro cha mawaya. Ndipo ngati munalitchingira poopa akuba, chitetezo chikhale cha zitsulo zotalikirana, osati malata kapena matabwa. Lisiyireni mpata wa masentimita 30 kumbuyo, kutsogolo kukhale poyera. Kadenga ka mthunzi pamwamba n'kabwino, bola kasatseke mphepo.

Zonsezi zikatheka, yatsani makina, muwasiye alire mphindi 15, kenako mubwerere panja pamene mapaipi awiri akopa amalowera m'bokosi. Gwirani paipi yonenepa. Iyenera kuzizira ndithu ndi kuchita thukuta. Ikakhala yofunda, ndipo yaing'onoyo yachita ayisi woyera pa nati yake, pamenepo ndiye tinganene kuti gasi wachepadi. Muyang'anitsitse manati achikasu amenewo. Gasi akamathawa amatuluka ndi timafuta ta mu kompresa (pampu imene imazunguza gasiyo, ili m'bokosi la panja), ndiye pamalopo pamaoneka ponona, pakuda, fumbi litamatirira. Malo amenewa, ndi joini ina imene imabisala kuseri kwa bokosi la m'nyumba, ndi amene amabooka kawirikawiri, makamaka ngati woika makina anapanga kamwa ya paipi mothamanga kapena anamanga nati mopitiriza mpaka kung'alula.

Mmisiri akabwera, khalani pomwepo muone ntchito yake. Ayambe wafufuza pobooka, ndi thovu la sopo pa majoini onse kapena popopera nayitulojeni m'mapaipi n'kuona ngati geji ikutsika. Akapapeza akonze, kaya n'kudula paipi n'kupanga kamwa yatsopano, kaya n'kuwotcherera. Akatero akoke mpweya ndi chinyontho chonse m'mapaipi ndi vacuum pump. Ambiri amadumpha pamenepa chifukwa alibe pampuyo, koma chinyontho chikatsalira m'kati chimawononga mafuta ndipo kompresa sikhalitsa. Pomaliza athire gasi poyeza pa sikelo, molingana ndi kulemera kumene kunalembedwa pa sitika ya m'mbali mwa bokosi la panja. Munthu akangofika ndi botolo la gasi ndi geji basi, n'kuyamba kuthira asanafufuze kalikonse, muimitseni mwaulemu. Kufunsa ngati ali ndi pepala la TEVETA si chipongwe ayi, makinawo ndi anu.

Pa sitika yomweyo palembedwanso mtundu wa gasi: R22, R410A kapena R32. Mitundu imeneyi sisakanizidwa, ndipo gasi wa firiji salowa m'menemo. R32 amatha kuyaka pang'ono, ndiye pasakhale wosuta fodya kapena moto pafupi pogwira ntchito. R22 ndi wa makina akale, ndipo akuthetsedwa pa dziko lonse potsatira pangano la ku Montreal la 1987 loteteza mlengalenga. Maiko ngati lathu anapatsidwa mpaka 2030, choncho azinka nasowa ndi kukwera mtengo. Apa m'pamene funso lanu logula ina likulowera. Ngati makina anu ndi a R22 ndipo kompresa yapsa, kapena timapaipi ta m'kati tadyeka malo ambiri, musavutike nawo, gulani ena. Koma ngati ndi nati imodzi yokha imene ikudontha, imeneyo ndi ntchito ya m'mawa umodzi.

Popeza ndi chipinda cha alendo, musaiwale rimoti. Alendo amadina paliponse. Kachizindikiro kokhala ngati nyenyezi ya nthambi zisanu ndi imodzi ndiye koziziritsa. Kadontho ka madzi n'kongochotsa chinyontho, kafani n'kongozunguza mphepo, ndipo kadzuwa n'kotenthetsa. Ndinapitako pamalo ena ogona alendo cha ku Chipoka kumene anali atatsekeratu chipinda poganiza kuti makina afa, pamene anali pa kadzuwa. Rimoti ikakhala kuti sikuyankha, sinthani mabatire, kenako iloze ku kamera ya foni mukudina. Pa mafoni ambiri mumaona kakuwala kakuthwanima kumutu kwake ngati ili moyo. Pansi pa chivundikiro cha bokosi la m'nyumba pamakhalanso kabatani koyatsira makina popanda rimoti.

Za magetsi ndinenepo ndithu, chifukwa ndi zimene zimapha makina ambiri kuno kuposa china chilichonse. Maeyakoni athu amafuna mavoti 230. Madzulo anthu onse akayatsa zinthu mphamvu imatha kutsika, ndipo magetsi akazima n'kubwera mwadzidzidzi nthawi zina amabwera mokwera. Makina aliwonse akhale ndi breaker yawoyawo komanso kabokosi koteteza kaja timati AVS, kamene kamadula magetsi akatsika kapena akakwera n'kudikira kaye asanabwerere. Mtengo wake sungafanane ndi wa kompresa kapena bolodi yatsopano (kathabwa ka zamagetsi kamene kamayendetsa makina). Dziwaninso kuti mukazimitsa n'kuyatsanso, bokosi la panja limakhala chete pafupifupi mphindi zitatu lisanayambe. Limeneli si vuto, likudziteteza lokha. Vuto ndi pamene mukumva kung'ung'udza panja, kenako "tapu", n'kukhala chete, n'kuyambanso pakapita kanthawi. Pa makina osakhala a inverter (a inverter ndi aja amene kompresa yake imasinthasintha liwiro m'malo momangozima ndi kuyaka), kawirikawiri imakhala kapasita, kachitini kasiliva kamene kamathandiza kompresa kudzuka. Ikafa imatha kutupa pamwamba. N'kachipangizo kotsika mtengo, ndiye munthu asakuuzeni kuti kompresa yafa asanaiyeze kapasitayo. Koma chonde musatsegule nokha pamenepo, imasunga magetsi ngakhale mutazimitsa. Pa makina a inverter mdani wamkulu ndi nalimata. Amakonda kufunda kwa m'bokosi la panja, amakwawa pa bolodi n'kuiwotcha, iyenso n'kufera pomwepo. Makoswe nawo amadula waya wolumikiza mabokosi awiri aja ngati unadutsa m'siling'i. Breaker ikamangogwa mukayatsa, kapena mukamva fungo la waya wopsa, musakakamize. Zimitsani mpaka aone mmisiri.

China chimene anthu sakonda kumva n'chakuti nthawi zina makina amakhala alibe vuto lililonse, koma chipinda chawakulira. Mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa la kuno likamenya malata, eyakoni ya 9000 BTU (muyezo wa mphamvu yake yoziziritsira) imakwanitsa kachipinda ka mamita anayi mbali zonse basi. Chipinda chokulirapo chimafuna 12000 kapena 18000, ndipo ngati mulibe siling'i, kapena mawindo ndi a malova osatsekeka bwino, mukuziziritsa bwalo. Makatani okhuthala ku windo loyang'ana kumadzulo amathandiza kwambiri. Kuika rimoti pa 16 sikufulumizitsa kanthu kwenikweni, kumangochititsa kuti kompresa isapume ndipo mayunitsi athe msanga. Lembani kapepala m'chipinda chilichonse kopempha alendo kuti aziika pa 24 kapena 25, ndi kutseka chitseko ndi mawindo.

Wina pamwambapa wanena kuti zilembo zimene zimathwanima pa makina, monga E1 kapena F0, zimatanthauza gasi. Pepani achimwene, si nthawi zonse. Kampani iliyonse ili ndi matanthauzo ake, ndipo chilembo chimene pa makina ena chikunena za gasi, pa ena chimanena za kasensa kapena za waya. Muyenera kuona m'kabuku ka makina omwewo.

Mayi, mukatsuka masefa ndi bokosi la panja, jambulani zithunzi muike pano: sitika ya m'mbali mwa bokosi la panja, manati awiri achikasu aja makina atalira mphindi 15, ndi zilembo zilizonse zimene zikuthwanima m'nyumba. Munenenso kukula kwa chipinda komanso ngati chili ndi siling'i. Ndikaona zimenezo ndikuuzani zoti mukamufunse mmisiri wanu asanagwire botolo la gasi.