Bulu wanga anafera m'matope ali mu goli, musandiuze kuti ndi chinyama chabe

Abale anga nkhani iyi ya nyulu zomwe asilikali amasenzetsa katundu kunkhondo yanditokosa pachilonda, ndimati ndingodutsa koma zala zakana. Makamaka achimwene mwalemba kuti nyulu ndi chinyama basi, kunkhondo bola kufe nyuluyo kusiyana ndi msilikali, inuyo munayamba mwaonapo bulu akufa ali mu goli? Ine wanga ndinamuona.

Ndinali ndi abulu awiri, ndinakawagula cha ku Mzimba ndi ngongole ya banki mkhonde, wamkazi ndinkamutcha Phulusa chifukwa cha mtundu wake, wamphongo Bwana. Amenewo ndi amene ankalipira fizi ya ana kunyumba kwanga, kututa mchenga, nkhuni, chimanga kupita nacho kuchigayo. Ndiye mwezi wa February mvula ya kuno ku Mzuzu mukuidziwa, yongoti ndiii sabata yonse, ine ndili kuchipatala kudikirira mayi anga, alamu anga amuna awo a achemwali akundiimbira foni kuti alamu tibwerekeni ngolo maulendo awiri okha tichotse njerwa pa uvuni zisanyowe. Ndinawauza ine, pakamwa panga pano, kuti njerwa zisapose 150 pa ulendo ndipo musadzere kudambo. Anati eya eya alamu musadandaule.

Cha m'ma 2 koloko mwana wa aneba akundiimbira akulira, akuti amalume bwerani Phulusa wagwa. Ndinasiya mayi ali pa dripi ndikudumphira pa sacramento, njinga ya kabaza, mpaka lero sindikumbuka ngati mnyamata uja ndinamulipira. Kufika kudambo kuja kumunsi kwa Mchengautuwa ndinapeza ngolo yamira mpaka pa ekiselo, njerwa mulu kuposa mutu wanga, pamwamba aikaponso matumba awiri a simenti atafunditsa pepala, simenti ndiye anaifunditsa. Malamba anga a pachifuwa amene ndinasoketsa anawasiya kunyumba ati amachedwetsa, m'malo mwake anatenga goli la ng'ombe. Bulu alibe linunda abale, amakoka ndi chifuwa, ukamuika goli limangodya khosi. Khosi la Phulusa linali litasupuka lonse nyama ili poyera, wagwada maondo akutsogolo m'matope, m'mphuno mukutuluka thovu losakanikira magazi, anyamata awiri aganyu wina akupotokola mchira wina akumenya ndi mtengo wa bulugama m'nthiti, ndipo pamimba ubweya unali utapsa chifukwa anayatsa chipepala pansi pake kuti adzidzimuke adzuke. Fungo la ubweya wopsa lija mpaka pano ndikadutsa pomwe akuwaula mbuzi ndimachita nseru.

Ndinakuwa dzina lake. Makutu anatembenuka, anayesa kudzuka, anayesadi chifukwa wamva mawu anga, miyendo ikunjenjemera, ndikugweranso chammbali kukokera Bwana pansi. Sanalire olo kamodzi. Njerwa ndinatsitsa ndekha ndi manja mvula ikundikwapula, alamu ataima pansi pa ambulera akuti muziika bwino zisweka. Pomwe ndimamasula goli anali akupuma mwa apo ndi apo, dzuwa lisanalowe anali atapita.

Mukudziwa zomwe ananena munthu uja? Akuti bulu wake anali wodwala kale. Olo 1 tambala sanandipatse. Titakhala pansi pachibale akuluakulu akuti ndi chinyama chabe musadane chifukwa cha bulu, mawu omwewo achimwene mwalembawa. Nyumba ija anamaliza, pano muli alenti, mwezi ukatha amalandira, akandiona ku depoti amandikweza mkono ngati palibe chinachitika, munthu wopanda manyazi ngati ameneyo sindinamuone, ndipo ku tchalitchi amakhala kutsogolo. Ine ngongole ya banki mkhonde ndinabweza chaka chathunthu pa bulu amene ndinakwirira ndekha.

Nchifukwa chake nditamva za nyulu za ku Burma ndinalephera kudya. Kwa amene simukuidziwa, nyulu ndi mwana wa bulu wamphongo ndi hatchi yaikazi, siibereka, koma ndi yamphamvu kuposa bulu ndipo paphiri siiterereka wamba, nchifukwa asilikali amaikonda komwe galimoto singafike. Nkhondo yachiwiri ija gulu la asilikali a Britain lotchedwa Chindits, mtsogoleri wawo Orde Wingate, linkalowa m'nkhalango kuseri kwa asilikali a Japan, mfuti zikuluzikulu, mawailesi, zipolopolo zonse pamsana pa nyulu. Ndiye poopa kuti nyulu ikalira adani adziwa pomwe ali, madokotala a ziweto ankazichita opaleshoni pakhosi kudula pomwe pamatuluka mawu. Iziyenda, izisenza, izivulala, koma isamveke. Mu 1944 zina anazikweza ndege, ndipo ikachita mantha ndikuyamba kumenya mateche m'mwamba lamulo linali kuiwombera pompo. Chakudya chikatha m'tchire ankapha zomwezo ndikudya. Tsono mundiuze, nyulu inayambana chani ndi mfumu ya ku Japan? Ku Burma komweko kunapitanso asilikali athu a gulu la King's African Rifles (KAR) ochokera kuno ku Nyasaland, iwo mwina anauzidwako kuti tikukamenyana ndi uje, nyulu anangoikoka chingwe.

Nkhondo yoyamba, 1914 mpaka 1918, akuti mahatchi, abulu ndi nyulu zomwe zinafa zinali pafupifupi 8 miliyoni, zambiri osati ndi chipolopolo koma njala, matenda, kuzizira ndi kumira m'matope zili zomangidwa ku ngolo, ndendende Phulusa. Britain inkagula nyulu zambirimbiri ku America makamaka ku Missouri kuzikweza sitima zapamadzi. Nkhondo itatha zambiri sanazibweze kwawo, anazigulitsa komweko, moti mayi wina Dorothy Brooke atafika ku Cairo mu 1930 anapeza mahatchi akale ankhondo ali mafupa okhaokha akukokabe ngolo m'misewu, mpaka anatsegula chipatala cha ziweto mu 1934. Ku London anadzamanga chipilala chokumbukira nyama za kunkhondo mu 2004, pali nyulu ziwiri zachitsulo zitasenza katundu, ndipo analembapo kuti izo zinalibe mwayi wosankha. Chipilala chabwino, koma ndi chimodzimodzi alamu anga atabwera lero kudzadzala maluwa pomwe ndinakwirira bulu.

Ndipo achimwene musaiwale mbali yathu. Nkhondo yoyamba ija inafika kuno kumpoto, ku Karonga anamenyana mu September 1914. Kuno kwathu mahatchi ndi nyulu sizinkalimba chifukwa cha kashembe, zinkangofa, ndiye mukuganiza katundu anasenza ndani? Azigogo athu. Amtengatenga. Anthu pafupifupi 200,000 a dziko lino anatengedwa, ambiri mokakamiza kudzera kwa mafumu, kusenza mabokosi pamutu kulowera ku Tanganyika ndi ku Mozambique, kufa ndi kamwazi ndi njala m'njira. John Chilembwe analemba kalata yodandaula mu November 1914 kuti anthu osauka akufera nkhondo yomwe si yawo. Ndiye amene amati chinyama chabe samathera pa chinyama, nyulu ikasowa amayang'ana amene ali pafupi woti sangayankhe. Anyamata aganyu aja ankamenya Phulusa nawonso alamu sanawalipire tsiku limenelo, ndinadzamva pambuyo.

Ena mukuti zinatha kalekale pano kuli ma drone. Sizinathe. M'ma 1980 America inatumiza nyulu ku Afghanistan kudzera ku Pakistan kuti zizinyamula zida m'mapiri, asilikali a India mpaka pano amazigwiritsa ntchito ku mapiri a Himalaya, a Germany nawo akadali nazo ku Bad Reichenhall.

Koma ndisanamepo, mwana wa achimwene anga ndi msilikali, anapitako ku DRC. Atavulala pamwamba pa phiri ndipo njira yomutsitsira ndi nyulu yokha, ine ndingamukweze ndi manja angawa ndipo nyuluyo ikakana ndingaikwapule, Mulungu andikhululukire. Ndiye musandifunse kuti ndili mbali iti, mutu wanga umazungulira. Chomwe chimandipweteka ine ndi munthu amene chiweto si chake, sanachidyetsepo, sadziwa kuti chikatopa chimagwetsa makutu bwanji, iyeyo ndiye azilamula kuti onjezani katundu ali pansi pa ambulera.

Amene muli ndi abulu, musabwereke munthu, kaya ndi mlamu kaya ndi abusa, nenani kuti akudwala. Mukakanika kukana pitani nawo nokha ndipo ndalama alipiriretu musanamange ngolo. Goli la ng'ombe litalikire, sokani malamba a pachifuwa olo a matayala akale mukulunge nsanza, chilonda chikangoyamba mupumitseni muitane alangizi a ziweto osati kuthira oyilo wakuda ngati amachitira ena. Komanso musamulere ngati mwana, bulu mukamuzoloweza kukhala amachita ulesi ndipo madeya akwera mtengo, ayenera kugwira ntchito abweze ndalama zake. Bwana alipobe, ndinamugulira mnzake chaka chatha, mawa mmamawa tili ndi maulendo anayi a mchenga ku Zolozolo ndipo mwini wake akufuna onse ufike isanakwane 10.