Yankho langa kwa achimwene pa za mzime wopita ku Salima

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Ndimati ndilembe koma maso akundivuta madzulo ano, ndiye ndingolankhula, ena pa gulupu pano amvere limodzi. Funso lanu ndaliona m'mawa, loti mwana mmodzi ndinampereka kale ku usilikali, ndiye ndikulola bwanji kuti ndi mtsikana yemwe apite ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya ku Salima ija. Sindinakhumudwe ayi. Ndinu malume awo, mwini mbumba, kufunsa n'kwanu.

Mantha ndili nawo, ndisakunamizeni. Mukukumbukira Januwale wa 2025, wachisambayu ali ku Congo? Wailesi italengeza kuti asilikali athu atatu aphedwa cha ku Goma pomenyana ndi zigawenga za M23, maina anali asanatchule. Ine n'kuti ndili ndi nyemba pambaula. Zinapserera ndili chiimire pomwepo. Masiku anayi foni yake yosapezeka. Ndinkagona foni ili pachifuwa, ikangolira, ngakhale uthenga wotsatsa mabandulo, mtima phaa! Galimoto ikaima kumsewu ndinkangoti basi abwera kudzandiuza. Tsiku lachisanu ndi pamene analemba mawu atatu okha, "Amayi ndili bwino." Ndinakhala pansi pakhonde n'kulira mpaka anthu oyandikana nafe anathamangira kuno poganiza kuti kwagwa zovuta. Ndipo usiku womwewo ndinkaganiza za amayi anzanga atatu aja, amene uthenga ngati umenewu sunawafike. A Chakwera atalamula mu Febuluwale kuti asilikali ayambe kukonzeka zobwerera, m'pamene nsima inayamba kutsika pakhosi.

Za ku Beni, ku Congo komweko, mu Novembala 2018 sindinaiwalenso, tinataya anyamata asanu ndi mmodzi. Chancy Chitete uja anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene anavulala, mkazi wake n'kukalandira mendulo ku New York. Ulemu ndi waukulu ndithu, koma mendulo sigogoda pachitseko n'kunena kuti odi amayi ndafika.

Zonsezi mtsikanayu akuzidziwa, ankalira nane limodzi pakhonde paja.

Koma achimwene, inu muli kutali, simunamuone mwanayu zaka zinayi zimene wakhala pakhomo. MSCE anakhoza bwino, ku koleji ndalama inatikanika. Anayesa kaunjika, kwacha itagwa mu Novembala 2023 mpamba wonse unathera m'manja, belo silinagulikenso. Anayamba kumangogona masana, osalankhula ndi munthu, mwana amene kale nyumba yonse inkadzaza ndi phokoso lake. Azibambo a magalimoto nawo anayamba kuzungulira pano, amsinkhu wa bambo ake. Kumeneko kunalinso kufa, kungoti kwa pang'onopang'ono, ine ndikuonerera.

Maganizowa sanamuyambe dzulo. Nthawi ya namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, matope atatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, tinapita kukafunafuna mnzanga wa kumvano. Tinapeza asilikali ali m'matope ofika m'mawondo, akukumba ndi mafosholo, mvula ikuwakhuthukira. Mmodzi anatuluka atanyamula kamwana kokulungidwa m'chitenje, misozi ili mbwee, koma osaima, anakapereka n'kubwereranso kukakumba. Pobwerera kunyumba mtsikanayu anangoti, "Amayi, ntchito yanga ndi imene ija." Kuyambira pamenepo wakhala akudzuka 4 koloko m'mawa kukathamanga, nsapato yong'ambika, kuti akadzaitana asadzagwe pa mayeso othamanga. Dzina lake latuluka popanda kupereka ndi tambala yomwe, ngakhale kunabwera wina wonama kuti tikampatsa ndalama amulowetsa. Ndinamuthamangitsa.

Dikirani pang'ono, nditseke nkhukuzi... Eya.

Chimene ndikuyembekeza sichambiri. Azilandira yake pakutha pa mwezi, asamapemphe munthu sopo. Malata amene ali padenga panowa anagula ndi mkulu wake, mukudziwa. Iyeyu akuti akakhazikika akufuna adzaphunzire za chipatala konko, poti ku usilikali kuli anamwino, amakaniko, madalaivala, si onse okhalira mfuti. Nkhawa yanga ina ndi ya umayi, yoti mwana wamkazi pakati pa amuna ambiri ena sadziwa malire. Tinakhala pansi usiku wina, ndinamulangiza mosabisa mawu, mkulu wakenso wamuuza kokadandaula zikavuta.

Ndiye pempho langa ndi ili. Akunyamuka Loweruka m'mawa. Mumuimbire lisanafike Lachisanu, chifukwa funso lanu waliwerenga ndipo kuyambira m'mawa sanadye, akuti amalume sakundifunira. Za ku Congo musamuuze, wazimva zokwanira. Mungomuuza kuti pita bwino mwana wathu, mumupempherere pa foni pompo. Ndipo ngati muli ndi kangachepe, nsapato zothamangira zija zinatheratu, amavala sayizi 6.