Pulogalamu anagula, koma anthu akulemberabe m'buku

Achemwali, kalata yanu yandigunda pachilonda. Mukuti kuntchito kwanu anagula pulogalamu yowerengera katundu wa m'sitolo, koma anzanu akulemberabe m'buku lija lachikuto cholimba, ndiye mukufuna kudziwa kuti muwakope bwanji.

Ndikufunseni kaye: kumaphunziro a pulogalamuyo anapita ndani?

Ndikutero chifukwa kumene ndinkagwira ntchito kale, kalata yoitanira anthu ku wekishopu inkafikira pa tebulo la abwana n'kuthera pomwepo. Ikakhala ya ku Mangochi kapena ku Salima, yogona kunyanja, alawansi ili pamwamba, ankapita ndi abwana, achiwiri awo ndi dalaivala. Ife olemba malisiti tsiku ndi tsiku tinkatsala kulondera ofesi. Pobwera ankabwera ndi tisheti, chikwama, ndi buku la malangizo lomwe linkakhomeredwa mu kabati. Kompyuta inkakhala mu ofesi mwawo itafunditsidwa nsalu, ati kuopa fumbi. Pasiwedi ankaidziwa munthu mmodzi, moti iyeyo akapita kumaliro kumudzi, ntchito nayo yapita kumaliro. Panali mnyamata wina wongochoka ku koleji, zinthuzi ankazidziwa bwino zedi. Tsiku lina anawalozera a akauntanti pomwe ankaphonya, anthu akuona. Yankho lake linali lakuti, "Iwe wabwera liti pano?" Mnyamata uja sanatsegulenso pakamwa, ndipo chaka chisanathe anali atapeza ntchito kwina.

Ndiye munthu asandiuze kuti achikulire amaopa makina. Limenelo ndi bodza. Achikulire omwewo amatumiza ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo gulu la kumpingo pa WhatsApp amaliyendetsa ndi iwowo. Chimene safuna ndi kuoneka mbuli pamaso pa mwana. Enanso, tinene zoona, amadana ndi makina chifukwa amasunga dzina la amene walemba ndi nthawi yake. Tsamba la m'buku limang'ambika.

Ngakhale makinawo akhale apamwamba, amatsatirabe makhalidwe a pamalopo. Boma lathu linayamba kugwiritsa ntchito IFMIS, pulogalamu ya pa kompyuta yoyendetsera ndalama za boma, mu 2005 kuti ndalama ziziyenda moonekera. Mu 2013 tinamva za Cashgate: mabiliyoni kulipidwa kumakampani osagwira ntchito iliyonse, malipiro ena kufufutidwa mu sisitimu momwemo. Pulogalamu inalipo, koma yoletsa dzanja la munthu kunalibe. Tangoganizani, kalaliki amene bwana wake wamuuza kuti "tabwereke pasiwedi yakoyo", angakane ndi pakamwa pati? Ine zimandipweteka ndikamva anthu akunena kuti vuto linali sisitimu.

Koma onaninso zimene a Baobab Health, bungwe lopanga mapulogalamu a m'zipatala, anachita ku chipatala cha Kamuzu Central kuyambira 2001. Makina anawaika pa tebulo pomwe kalaliki amalembera odwala, ongodina ndi chala pagalasi, n'kutuluka kasitika komata m'buku la wodwala. Munthu wapansi ndiye anayamba kuona phindu lake, chifukwa mzere unkayenda ndipo dzanja linkapumako kulemba. Makina otero safuna kukakamiza munthu.

Tsono inu mutani?

Musakaphunzitse wamkulu pagulu. Mupezeni payekha, anthu ataweruka, ndipo muyambe ndi kumufunsa mmene amalembera m'bukumo. Akamafotokoza, inu muzilowetsa zomwezo iye akuona, kenako mumpatse mpando. Sankhani ntchito imodzi yokha, monga katundu wolowa, zina zidikire. Pemphani kuti aliyense akhale ndi pasiwedi yakeyake. Ndipo pitani kwa abwana mwaulemu, mukawapemphe kuti lipoti la kumapeto kwa mwezi azilandira lochokera mu kompyuta basi. Iwowo akamaitanitsabe buku Lachisanu lililonse, anzanuwo sakulakwa kulemberamo, ndipo inu musadzitopetse kukangana nawo.